Mwana wofatsa si wolodzedwa, mupezereni ntchito ya manja



 

Lero ndikufuna tikambirane za munthu amene pafupifupi banja lililonse lili naye. Uja amati alendo akafika iye amazemba n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Uja kumadrasa ankakhala kumapeto, surah akuidziwa bwinobwino, koma a Ustazi akangomuloza mawu osatuluka. Uja foni ikamalira amangoiyang'ana mpaka idule yokha, kenako n'kulemba meseji yofunsa kuti mumati bwanji. Mwina munthu ameneyo ndi m'bale wanu. Mwinanso ndinu amene mukuwerenganu.

Kwathu ku Ntchisi munthu ameneyo ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Dzina sinditchula. Ndinamufunsa pa WhatsApp ngati ndingalembe nkhani yake, iye n'kuyankha liwu limodzi basi: "Lembani."

Tinakulira limodzi, madrasa imodzi. Ine ndinali wapakamwa. Pa jalasa amene ankapatsidwa maikolofoni ndinali ine, makolo n'kumawomba m'manja. Iye anamaliza kuloweza Juz Amma ine ndisanamalize, koma palibe tsiku anaimapo pagulu. Titalemba Fomu 4, ine ndinapita ku yunivesite, iye anatsala pakhomo.

Amalume, pofuna kumuthandiza, anamupezera ganyu yogula soya pa sikelo nyengo yokolola. Amene munakhalako ku Ntchisi kapena ku Mponela miyezi ya Epulo ndi Meyi mukuidziwa ntchito imeneyi. Umafunika kukuwa, kuthamangira mlimi amene akubwera ndi thumba panjinga anzako asanamutenge, kukangana naye za mtengo, kuseka naye, kumunyengerera. Msuweni wanga anagwira masiku 3. Tsiku lachinayi anadzuka m'mimba mukumupota, thukuta lili kamukamu, osapita. Anamuika mu grosale, zomwezo. Makasitomala ankadandaula kuti mnyamatayu ndi wamwano, sayang'ana munthu kumaso.

Pakhomo mayina anachuluka. Ena amati ndi waulesi. Ena amati amadzimva. Azakhali anati amenewa ndi majini, apite naye akamuwerengere. Ine nditabwera ku holide, ndi ka ilimu kanga kakang'ono, ndinamukhazika pansi n'kumulalikira. Ndinamuuza za hadith imene ili mwa Tirmidhi ndi Ibn Majah, yonena kuti wokhulupirira amene amasakanikirana ndi anthu n'kumapirira zowawa zawo ndi wabwino kuposa amene amawapewa. Ndinayankhula nthawi yaitali, ndikudzimva kuti ndikuchita da'wah.

Iye anangomvetsera, maso ali pansi. Pamapeto anati: "Asuweni, inu mukacheza ndi anthu mumapeza mphamvu. Ine ndikayankhula ndi anthu asanu ndimatopa ngati ndalima ndime tsiku lonse. Sikuti sindifuna."

Ndinalibe yankho, komabe mumtima ndinati akungodziwiringula. Allah andikhululukire.

Amene anationetsa njira anali a Ustazi athu akale, munthu wachikulire amene anatiphunzitsa alif ba ta. Njinga yawo inagwera m'dzenje pobwera ku Asr, gudumu la kutsogolo n'kupindika. Anaisiya pakhomo pa amalume kuti mawa adzaikankhe kupita nayo kwa wokonza. Usiku womwewo msuweni wanga anaitembenuza miyendo m'mwamba kuseri kwa nyumba, tochi ya foni ali kukamwa, n'kuyamba kumanga masipoko limodzilimodzi. Amazunguza gudumu, kuyang'ana pamene likukhudza buleki, kumasula uku, kumanga uko. Anakhalapo maola awiri osadzuka. M'mawa gudumu linali njo.

A Ustazi atabwera anazunguza gudumu lija kangapo, kenako anapempha kuti amalume ndi ine tikhale pansi. Anatikumbutsa nkhani imene ili mwa Bukhari ndi Muslim, yochokera kwa Ibn Umar (RA): Mtumiki (SAW) adadutsa pamene munthu wina wa mwa ma Answar ankadzudzula m'bale wake chifukwa cha manyazi, ndipo Mtumiki adamuuza kuti amuleke, pakuti manyazi ndi gawo la imaan. Atatero anandiyang'ana ine n'kunena kuti: "Mwana wanga, hadith yako ija ndi yoona. Koma mankhwala oona ukawapereka kwa wodwala wolakwika, amapweteka."

Ndikudziwa kuti ma ulama amasiyanitsa manyazi a imaan, oletsa munthu kuchita zoipa, ndi mantha a anthu amene amamanga munthu lilime. Si chinthu chimodzi. Koma phunziro limene ndinatolapo tsiku limenelo ndi lakuti Mtumiki (SAW) sadaonjezere chidzudzulo pa munthu amene ankadzudzulidwa kale. Adaletsa wodzudzulayo. Ine ndinali mbali ya wodzudzula.

Nditabwerera kusukulu ndinayamba kuwerenga nkhani za aneneri ndi maso ena. Taonani Musa (AS), mneneri amene Allah adayankhula naye. Mu Surat Taha, kuyambira ayah 25, atauzidwa kuti apite kwa Firiauna, adapempha Allah kuti amasule mfundo imene inali pa lilime lake kuti anthu amve zonena zake, ndipo adapempha kuti m'bale wake Haruna akhale mthandizi wake. Mu Surat Al-Qasas ayah 34 akuvomereza yekha kuti Haruna ndi wodziwa kuyankhula kuposa iye. Allah sadamudzudzule kuti bwanji ukuopa. Adamupatsa zimene adapempha. Ndipo Musa yemweyo, asanatumidwe, adagwira ntchito ku Madyan pa pangano la zaka 8 kapena 10, ntchito imene adaipeza chifukwa mmodzi mwa atsikana aja adaona mwa iye zinthu ziwiri, mphamvu ndi kukhulupirika. Za kulankhula bwino sizidatchulidwe n'komwe.

Taonaninso Daud (AS). Adali mfumu, koma Allah adamufewetsera chitsulo ndi kumuphunzitsa kupanga malaya ankhondo, ndipo mu Surat Saba ayah 11 akulamulidwa kuti ayeze bwino polumikiza mphete zake. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wokhala pansi, wodekha, woyang'ana chinthu chimodzi nthawi yaitali. Mwa Bukhari Mtumiki (SAW) adatiuza kuti palibe chakudya chabwino kuposa chimene munthu wapeza ndi ntchito ya manja ake, ndipo chitsanzo adapereka Daud yemweyo. Mwa Muslim tikumva kuti Zakariya (AS) adali kalipentala. Nuh (AS) adakhoma chombo anthu akudutsa n'kumamuseka. Mtumiki wathu (SAW) adawetapo mbuzi ndi nkhosa za anthu a ku Makka pa malipiro ochepa, ndipo adanena kuti palibe mneneri amene sadawetepo ziweto. Mayi wathu Zainab bint Jahsh (RA) ankafufuta zikopa ndi manja ake, zimene wapeza n'kumapereka sadaka.

Ndiye funso ndi lakuti: ife tidazitenga kuti zoti Msilamu wopambana ndi yekhayo amene amatha kugwira maikolofoni? Mu Surat Az-Zukhruf ayah 32 Allah akutiuza kuti Iye ndi amene adagawa njira zopezera moyo pakati pathu, n'kutisiyanitsa, kuti ena azitumikiridwa ndi ena. Wina adapatsidwa lilime, wina adapatsidwa manja. Khatib amene amatiliritsa Lachisanu amaima pa mimbari imene adakhoma munthu amene dzina lake sitilidziwa.

Tibwere ku zenizeni tsopano, chifukwa nasiha yopanda njira imangotopetsa. Si ntchito iliyonse ya manja imene imamuyenera munthu wovutika kucheza. Kabaza ndi ntchito ya thukuta, koma tsiku lonse ukuitana anthu ndi kukangana nawo za mtengo. Kumeta ndi ntchito ya manja, koma kasitomala amafuna nkhani kuyambira pamene wakhala mpaka adzuke. Kukhala ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba ndi nkhope zatsopano mphindi iliyonse. Choncho musanamukankhire m'bale wanu ku ntchito, kapena musanadzikankhire nokha, dzifunseni mafunso anayi.

Loyamba: pa tsiku ndidzakumana ndi nkhope zingati, ndipo ndi zomwezomwezo kapena zachilendo? Anthu ambiri ofatsa savutika ndi munthu mmodzi kapena awiri amene awazolowera. Chimawatopetsa ndi alendo osatha.

Lachiwiri: mtengo adzakambirana ndi ndani? Ngati ntchitoyo ili ndi mitengo yodziwika, yoti mutha kulemba pa bolodi, theka la vuto latha. Kumata chubu mwakuti, kusintha tcheni mwakuti, yunifolomu ya pulayimale mwakuti. Bolodi limayankhula m'malo mwanu.

Lachitatu: phokoso ndi piringupiringu wa pamalopo ndizitha? Ena phokoso la makina alibe nalo vuto, koma la anthu. Ena zonse ziwiri zimawazunguza mutu. Wowotcherera zitsulo amagwira ntchito nkhope ili kuseri kwa galasi, palibe womuyankhulitsa, koma phokoso la gilayinda ndi lalikulu. Woweta njuchi amagwira ntchito mwakachetechete.

Lachinayi: ntchito yanga idzaoneka ndi maso? Ichi ndi chachikulu. Chitseko chikatsekeka bwino, chatsekeka. Injini ikalira, yalira. Msoko ukawongoka, wawongoka. Simufunika kuuza munthu kuti ndinu katswiri, chifukwa chinthucho chikukuchitirani umboni.

Mukayesa ndi mafunso amenewa muona kuti kwathu kuno mipata ilipo. Njinga zamoto zachuluka m'misewu ya Ntchisi, Malomo, Mponela mpaka ku Madisi, ndipo misewu yathu yokwera ndi kutsika mapiri imadya mabuleki, matcheni ndi matayala. Zonsezi zimafuna wokonza. Ukalipentala ulipo: zitseko, mafelemu, mabedi, madesiki. Kusoka kulipo, makamaka kwa alongo athu amene angagwirire pakhonde la kwawo, yunifolomu sukulu zikamatsegulira, zovala Eid ikamayandikira. Kukonza mafoni ndi kulumikiza sola kulipo, poti nyumba zambiri m'midzi mwathu magetsi ake ndi a dzuwa. M'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi anthu amapachika ming'oma ya njuchi, ndipo uchi, umene Allah wautchula mu Surat An-Nahl kuti muli machiritso, susowa wogula. Palinso dimba, nazale ya mitengo, nkhuku ndi mbuzi.

Kophunzira nako kulipo. TEVETA, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndi imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, ndipo imalengeza ikamatenga ophunzira. Pali makoleji ngati Lilongwe Technical College ndi Salima Technical College, komanso makoleji a m'madera amene boma lidayamba kutsegula mu 2015, ngati ya ku Mponela m'boma la Dowa. Koma tisanyoze njira yakale yokhala pansi pa mmisiri. Kwa munthu wofatsa nthawi zina imeneyi ndi imene imayenda bwino, chifukwa mphunzitsi ndi mmodzi, malo ndi amodzi, ndipo zambiri umaphunzira poyang'ana manja ake. Pepala litha kubwera pambuyo, ukakalemba mayeso a ntchitoyo.

Msuweni wanga anatsata njira imeneyi. A Ustazi anamutenga okha kupita naye kwa bambo ena okonza njinga zakapalasa ndi zamoto pa tireding'i senta ya kufupi ndi kwathu. Anawauza poyera kuti mnyamatayu sayankhula kwambiri, musamuyese wamwano, mungomuonetsa. Miyezi yoyamba ankangotsuka zitsulo ndi kupereka masipanala. Pano patha zaka ziwiri. Injini amaimasula yekha n'kuibwezera. Wakabaza akafika amayankhula ndi bambo aja, iye ali chogwada akumvetsera kulira kwa injini, ndipo nthawi zambiri vuto amakhala walidziwa kale mwini njinga asanamalize kufotokoza.

Koma pali vuto limodzi limene ndikufuna tilimvetse, chifukwa ndi pamene ife olankhulafe tikufunika. Munthu wofatsa amadyeredwa masuku pamutu. Kasitomala amatenga njinga yake n'kunena kuti ndidzakupatsa mawa, akudziwa kuti mnyamatayu sangamulondole. Msuweni wanga anakhala miyezi ingapo akugwira ntchito, ndalama zili m'matumba mwa anthu, iye osauza aliyense. Tinadziwa mlongo wake atapeza kakope kamene ankalembamo mobisa. Ngongole zinadzaza masamba atatu.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake Musa (AS) adapempha Haruna. Mlongo wake uja, amene pakamwa pake sipagwa ntchentche, ndi amene tsopano amasunga kope, kuimbira angongole ndi kukagula zipangizo. Amagawana phindu monga anagwirizana, ndipo anazilemba, potsatira ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Al-Baqarah 282, imene ikutilamula kulemba ngongole. Ine ndikakhala pa holide ndimathandizako. Ntchito yanga yaikulu pa moyo wa msuweni wanga sinali kumulalikira ayi. Inali kuima pakhomo la wakabaza n'kunena kuti achimwene, ndalama ija.

Ndiye kwa inu amene Allah adakupatsani lilime, mafunso ndi awa. M'banja mwanu, mu mzikiti mwanu, Musa wanu ndani? Munamuperekezapo kwa mmisiri? Munamulembera fomu ya TEVETA, kapena kumuimbira foni imene iye akuiopa? Ndipo ngati muli ndi ngongole kwa telala kapena makanika wofatsa, mukudalira kuti sakufunsani, opani Allah. Mwa Ibn Majah muli lamulo la Mtumiki (SAW) lakuti wantchito alipidwe thukuta lake lisanaume. Kukhala chete kwa munthu si kukhululuka. Tsiku la Qiyama adzayankhula.

Kwa inu amisiri amene muli ndi ophunzira, wophunzira wofatsa si kapolo. Gwirizanani kuyambira pachiyambi, pali mboni, kuti aphunzira nthawi yaitali bwanji, nkhomaliro ndi ya ndani, ayamba liti kulandira kangachepe. Musamukalipire pamaso pa makasitomala. Mwana woteroyo sayankha, koma mawa sabweranso, ndipo inu mudzati ndi waulesi.

Tsopano kwa iwe m'bale wanga, mlongo wanga, amene ukudziona m'nkhaniyi. Sindikunamiza kuti pali ntchito yopanda anthu. Kulibe. Ngakhale woweta njuchi amakagulitsa uchi. Ndipo hadith imene ndinamulalikira nayo msuweni wanga ija ikadali yoona, kungoti ndinaigwiritsa ntchito ngati chikwapu. Kufatsa kwako si chilolezo chodula chibale, kusiya Jumu'ah kwa amene yawakakamiza, kapena kusayankha salaam. Aisha (RA) adawatamanda amayi a chi Answar chifukwa manyazi sadawaletse kufunsa za chipembedzo chawo. Nawenso manyazi asakuletse kufunsa mmisiri pamene sunamve.

Yamba ndi zazing'ono. Swala ya jamaah ndi mphatso kwa munthu ngati iwe: umaima phewa ndi phewa ndi abale ako, uli m'gulu, koma palibe akukufunsa mafunso. Pereka salaam kwa munthu mmodzi potuluka. Konzeratu ziganizo zitatu za pantchito, ngati moni, mtengo ndi tsiku lodzatenga, uzinene mpaka zizolowereke. Zimene pakamwa pakukanika, lemba pa meseji. Ndipo pempha Haruna wako mosachita manyazi, poti mneneri wa Allah adapempha.

Chomaliza, ndipo ichi tisachitenge mopepuka. Pali kufatsa kwachibadwa, pali ena amene ubongo wawo udalengedwa mosiyana ngati a autism, ndiye pali matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Ngati munthu amene ankacheza wasiya mwadzidzidzi, sakudya, sakugona, akudzitsekera m'nyumba, kapena akuyankhula zofuna kufa, imeneyo si nkhani ya kusankha ntchito. Mupite naye kuchipatala msanga. Ruqya ya Qur'an ndi duwa tichite, koma Mtumiki (SAW) adatilamulanso kufuna mankhwala. Ziwirizi sizilimbana. Chimene tisiye ndi kuthamangira kunena kuti majini kapena walodzedwa pa mwana aliyense amene sakufanana nafe.

Holide yapitayi ndinapita kukamuona pantchito. Nthawi ya Dhuhr itakwana anasamba girizi m'manja ndi sopo wa ufa, n'kupanga wudhu, tinapita limodzi ku mzikiti. Njira yonse sitinayankhule. Pobwerera anatulutsa ndalama m'thumba la ovolosi n'kundipatsira m'manja, akuyang'ana kumbali. Anati: "Ya thiransipoti yobwerera kusukulu." Ine wa ku yunivesite, wa maikolofoni uja, ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe ndi ndalama ya munthu amene ndinkamutcha wodziwiringula.

Tikupempha Allah atikhululukire pa mawu amene tidalasa nawo abale athu ofatsa. Awatsegulire makomo a riziki la halaal logwirizana ndi chilengedwe chawo, adalitse ntchito za manja awo, ndipo awapatse anthu owaimira pamene lilime lawo lalemera. Ife amene tidapatsidwa pakamwa, atipange kukhala a Haruna, osati odzudzula. Ameen.

Zabwino zimene zili m'mawuwa zachokera kwa Allah, zolakwika ndi zanga.